Mlongo Wako Sanalowe mu Fomu

Kwa Mavwere,
Lachitatu masana.

Tiyamike mwana wanga,

Ndakhala kuseri kwa nkhokwe ndi mapepala amene ndang'amba pakati pa kope la mng'ono wako Esinta. Akazindikira udzandiikire kumbuyo. Iwe wapita kukalukitsa tsitsi kwa mnzako Agnesi, ndipo monga ndikudziwira machezedwe anu awirinu, ndili ndi nthawi mpaka dzuwa litapendeka. Bambo ako ali kudimba, akuti akukuthyolera tomato woti ukadye ku Blantyre, ngati kuti anthu a ku Blantyre amadyera mchere wokha. Usawakanire. Ungonyamula, akakaphwanyika m'njira ndi nkhani ya iwe ndi kondakitala.

Kalatayi ndiilowetsa m'kathumba ka mtedza. Usaiwerengere mu minibasi yopita ku Lilongwe, muja mumakwera anthu otidziwa, ndipo nkhope yako chibadwire sinaphunzire kubisa kanthu. Ukawerenge utafika, utakhala pansi, chitseko utatseka.

Lamlungu lija titaweruka kutchalitchi, amayi a kwaya anakuzungulira kufuna kumva chimene ukukachita kukoleji ya madokotala, poti unamwino unamaliza kale. Unawafotokozera bwino kuti ukukaphunzira kafukufuku, kufufuza chimene chikupha makanda m'masiku oyambirira akangobadwa, kuwerenga kuti akufa angati, akufera kuti, nanga chikanawapulumutsa n'chiyani. Ine ndinali pambali, mapewa m'mwamba, kudikira wina andifunse kuti mwanayu ndi wa yani. Kenaka unati, “Ife kwathu tili ndi mwayi, amayi sanatayepo mwana, koma anzathu ambiri zinawagwera.” Sunaone kuti a Nachisale, mnzanga wa khomo loyandikana nafe, anagwetsa nkhope. Sunaonenso kuti ine ndinayamba kufufuza m'chikwama momwe munali kampango kokha.

Mwana wanga, si zoona. Ndinatayapo. Unali ndi mlongo wako, wobadwa pambuyo pa iwe, Esinta asanabwere. Anakhala ndi moyo masiku atatu. Ana anga si atatu monga ukudziwira, achimwene ako a Yohane, iwe ndi Esinta. Ndi anayi. Kuyambira Lamlungulo ndakhala ndikufuna kukuuza, chifukwa sindingakulole ukawerenge ana a eni ake pomwe chiwerengero cha m'nyumba mwanu chili cholakwika, wochilakwitsa ali mayi ako. Ndikuuza nkhani yonse m'kalata muno. Koma undilole ndizungulire kaye, monga ndimachitira ndikafuna kubwereka njinga ya bambo ako. Pajatu ntchito yakoyi ine ndinaidziwira mbali ina. Ndayankhapo mafunso a anthu a kafukufuku, ndipo kwa zaka zingapo ndinali volontiya wowalondolera m'midzi muno. Konse kuwiri ndinalakwitsako, ndiye kamba amene ndingakumangire wa ulendo uno ndi zolakwa zangazo.

Kulakwa koyamba ndi kwa neti. Iwe unali usanayambe sukulu. Anabwera ofufuza awiri, mnyamata ndi mtsikana, nsapato zili mbuu ndi fumbi, atanyamula mafomu. Ndinawayalira mphasa, ndinawapatsa madzi. Mtsikanayo anafunsa kuti, “Mayi, usiku wathawu ana anagona mu neti?” Ine osaphethira n'komwe, “Eee, tsiku ndi tsiku.” Pamene ndikuyankha chonchi, netiyo inali kuseri kwa nyumba, itakuta nazale ya tomato ya bambo ako kuti nkhuku zisapalase. Anapempha kuti aone pomwe timaimangirira, ine ndinati kuchipinda sikunasesedwe. Anaseka, nanenso ndinaseka, analemba, anapita. Usaganize kuti ndinkafuna kuwanamiza. Kwathu kuno mlendo amene wayenda ndi dzuwa sitimubweza ndi yankho lomukhumudwitsa. Mawu akuti “eee” timapereka ngati madzi akumwa, n'kumaona kuti tachita ulemu. Dzinja litafika achimwene ako anagona kuchipatala sabata yathunthu ndi malungo, pomwe papepala lina kwinakwake panalembedwa kuti banja ili limagona mu neti tsiku ndi tsiku. Tomato yekha ndiye anachita bwino chaka chimenecho.

Ndiye mayi akakuyankha mofulumira uku akumwetulira, usathamangire kulemba. Ufunsenso molowera kwina. Umufunse kuti udzudzu ukuvuta bwanji chaka chino, kuti neti yake inang'ambika pati, kuti ana amene amagona pabalaza amafunda chiyani. Ukagwira kuti yankho loyamba linali la ulemu chabe, usamuchititse manyazi, useke naye. Munthu amene wamuchititsa manyazi sakuuzanso chilichonse, ngakhale dzina la galu wake.

Kulakwa kwachiwiri ndinachita nditavala kale tisheti ya uvolontiya, ndikudzimva ngati theka la dokotala. Alangizi a zaumoyo anandisankha chifukwa ndimatha kulemba ndipo pakamwa sipandivuta. Tsiku lina ndinapita ndi ofufuza ku esiteti ina ya fodya cha kwa Zulu, kukafunsa mabanja a matenanti za chifuwa ndi kadyedwe ka ana. Pofuna kuonetsa kuti ndimadziwa dongosolo, ndinakapempha a kapitawo kuti atisonkhanitsire amayi onse m'chigafa. Anawasonkhanitsadi, n'kukhala iwonso pomwepo pachigubu, mwendo uli pamwamba pa unzake. Mafunso onse yankho linali limodzi: tili bwino, ana akudya, palibe amene akukhosomola. Ndinakondwa kuti tamaliza dzuwa lisanafike pamutu. Pobwerera ndinapatukira pamjigo kuti ndimwe madzi. Mayi wina wa ku Phalombe, amene ndinamuona m'chigafa muja, anatula ndowa n'kundiyandikira. Anati, “Amayi, funso lija la chifuwa mukanandifunsira kuno ndikanakuyankhani zina. Mwana wanga miyezi iwiri tsopano akukhosomola. Koma ndikanena paja, a kapitawo aziti ili ndi banja lodwaladwala, chaka chamawa satitenganso. Nanga kwathu tikalima pati?” Ndinamuuza kuti apite naye kuchipatala, koma za yankho lakelo ndinati mafomu alowa kale m'galimoto. Galimotoyo inali isananyamuke, Tiyamike. Inali apo, ndikuiona. Ndinachita manyazi kukauza anthu ophunzira aja kuti dongosolo langa ndi limene laononga ntchito yawo, ndipo ndinangokwera, galimoto n'kunyamuka. Chaka chotsatira ndinafunsira za banjalo, anati linasamuka, palibe ankadziwa komwe linalowera.

Usanatsegule fomu, kapena foni imene mumalemberamo masiku anoyo, uziyamba wayang'ana amene wakhala pafupi. Kapitawo, mwamuna, apongozi, ngakhale volontiya ngati ine, tonsefe timatseka anthu pakamwa pongokhala chabe. Mayiyo umutenge mupite kumjigo, kapena ukhale naye pansi muziswa mtedza, anthu amamasuka manja akatanganidwa. Ndipo ukalakwitsa, ubwerere ukanene nthawi yomweyo. Akukalipira, inde, koma pofika mawa aiwala. Ine zanga zija ndikazikumbuka mpaka lero kumaso kumatentha.

Kulakwa kwachitatu n'kumene kunandipatsa dzina limene umalimva kumsika, la “a Zotsatira”. Unandifunsapo chiyambi chake ndipo ndinazemba. Kunabwera gulu lina lotenga magazi a pachala, sindikumbukanso kuti linachokera kuti. Anthu poyamba anakana, ukudziwa m'mene nkhani ya magazi imathamangira m'midzi. Ine ndinaima pamaso pa mudzi wonse n'kudziguguda pachifuwa. Ndinati, “Musaope, ndine mwana wa pamudzi pano. Zotsatira zibwera, aliyense adzauzidwa chimene chili m'thupi mwake.” Palibe anandituma kunena zimenezo. Pepala lopempha chilolezo linali lalitali, ndinaliwerenga modumphadumpha poti mzere unali utakula, ndipo mwina penapake linanena kuti munthu payekha sadzauzidwa kanthu. Anthu anadinda zala poona nkhope yanga, pepalalo sanalimve. Miyezi inadutsa, kuli ziii. A Jailosi, madala aja ankasoka nsapato pamsika, ankandiitana Loweruka lililonse: “Mayi, magazi anga aja anapezamo chiyani? Ngati muli zoopsa ingondiuzani, ndine wamkulu ine.” Ine ndinkati zikubwera. Ndinanena chonchi mpaka tsiku limene tinakawaika. Pa maliro awo ndinaphika nawo, koma ndinalibe mphamvu yoyang'ana akazi awo kumaso.

Chonde usalonjeze chimene sichili m'manja mwako. Pepala la chilolezo uziwerenga lonse, pang'onopang'ono, m'Chichewa cha pamjigo osati cha pawailesi, ndipo munthu akakana umuthokoze mofanana ndi amene wavomera. Mukapeza zimene mukufunazo, ukakamire akuluakulu ako kuti mubwerere komwe munafunsa mukawauze eni ake. Ngakhale mutapeza zochepa, mukanene zochepazo. Inu mukachoka volontiya amatsala, ndipo ndi iye amene amakumana ndi anthuwo kuchigayo.

Pano ndipume kaye, ndinene za iweyo. Uli ndi khalidwe limodzi limene unatengera kwa ine, lomalizira anthu mawu asanamalize okha. Kunyumba kuno timangoseka, koma pantchito imeneyi likuonongera. Mayi akakhala chete pakati pa nkhani, nawenso ukhale chete, zikavuta uziwerenga nkhuku za pabwalo. Kuwerengako sikungakuvute. Uli wamng'ono unkawerenga anapiye m'mawa ndi madzulo, mmodzi akasowa unkakana kudya mpaka tikamupeze kapena tikuonetse nthenga. Chizungu chako uzikasiya pageti la koleji. Uzimanga chitenje polowa m'mudzi, ndakuikira ziwiri, china ndi chija cha ku Chipata chimene wakhala ukuchizungulira chaka chonse. Uzidya m'mawa, tiyi wopanda chotafuna si chakudya. Upeze tchalitchi sabata yoyamba yomweyo, usadikire kuti uzolowere kaye. Za anyamata a ku Blantyre sindinena zambiri, wakula, koma amene angaseke kalankhulidwe ka kwanu umudziwiretu kuti adzasekanso mayi ako. Uziimba foni Lamlungu madzulo, netiweki imagwira ndikaima pachulu paja.

Kulinso kulakwa kwaposachedwa, kumene ndinakulakwira iwe. Tsiku limene unandiuza kuti akoleji akutenga, unkayembekezera kuti ndilulutira. M'malo mwake ndinati, “Wasiyiranji ntchito yabwino ya m'wodi? Kuwerenga ana akufa si ntchito ya mtsikana wosakwatiwa.” Unalowa m'nyumba, ndipo masiku awiri tinkangopatsana moni ngati anthu okumana pabasi. Unaganiza kuti sindikufuna upite patsogolo. Ayi mwana wanga, ndinali ndi mantha. Ndinadziwa kuti tsiku lina udzabwera kuno utaphunzira kufunsa bwino, udzayang'ana zaka zimene zili pakati pa iwe ndi Esinta, n'kundiyang'ana ine. Nawenso ukakaona munthu akupsa mtima ndi funso lako, usafulumire kumulemba kuti ndi wovuta. Kawirikawiri wagunda pamene pali bala. Ndazungulira mokwana, tsopano ndifike pa mlongo wako.

Unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mimba itakula tinakutumiza kwa azakhali ako ku Kachebere, kuti ine ndikadikirire kuchipatala nthawi ikayandikira. Koma mwana anafulumira, kutatsala pafupifupi mwezi. Inali nthawi ya mvula, mtsinje utadzaza, msewu uli matope okhaokha. Ndinachirira m'nyumba, mothandizidwa ndi mayi anga aang'ono, a Nasoko, amene anandilera amayi atamwalira. Mwanayo anali mwamuna, wamng'ono kwambiri, koma analira, ndipo tsiku loyamba anayamwa. Tsiku lachiwiri mvula inaleka, mtsinje unaphwera, koma iye anayamba kukana bere. Ndikamugwira mapazi anali ozizira, kupuma kwake kunali kothamanga. Ndinkadziwa, Tiyamike. Kusikelo anatiphunzitsa kuti khanda likasiya kuyamwa usadikire, thamanga nalo kuchipatala. Ndinawauza a Nasoko. Iwo anati, “Mchombo sunagwe, ungatuluke naye bwanji m'chikuta? Panjira akumana ndi anthu otentha, umupweteka wekha. Mufunditse, mawa ayamwa.”

Sindikuwaimba mlandu. Ankanena zimene iwonso anauzidwa, ndipo ankandikonda kuposa ana awo. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa ine ndiye ndinali ndi nzeru zonse ziwiri m'mutu, za kusikelo ndi za m'chikuta, ndipo ndinasankha zosavuta. Ndinaopa kutsutsa munthu amene anandilera. Ndinaopanso, ndinene zoona, kukakalipiridwa kuchipatala kuti ndachiriranji kunyumba. Bambo ako anali pakhonde, njinga atapopa kale, kudikira mawu anga okha, poti mwamuna salowa m'chikuta. Anafunsa kudzera pachitseko, “Kodi zili bwanji m'menemo?” Ine ndinayankha kuti, “Tili bwino.” Mawa lake, dzuwa litangotuluka, mwana anatisiya ali pamiyendo panga. Sindikudziwa ngati achipatala akanamupulumutsa. Mwina iwe udzadziwa ukaphunzira. Chimene ndikudziwa n'chakuti sindinawapatse mpata woyesa.

Mawu akuti mtayo umawadziwa, koma sunaonepo m'mene zimakhalira. Palibe uthenga wa maliro, palibe nyimbo, palibe bokosi. Amayi anayi okha ndiwo anamunyamula m'kansalu, n'kukamuika m'mphepete mwa manda, dzenje losaya, poti amati likazama mayi saberekanso. Anandiletsa kulira pa chifukwa chomwecho. Mwana amene sanatuluke m'chikuta sapatsidwa dzina, amati sanafike, anangosuzumira. Usawaone ngati ankhanza amayi amenewo. Ankafuna kuti ndidzuke, ndisambe, ndipite kumunda, ndidzaberekenso, ndipo njira imene ankaidziwa inali yofafaniza. Ndinadzukadi, Esinta anabweradi. Koma mkaka sunauzidwe za mwambo, unatuluka masiku ambiri, ndipo ndinkakalirira kudimba komwe kunalibe wondiona.

Utabwerako ku Kachebere unandiyang'ana pamimba, n'kuyang'ana kumbuyo kwanga, n'kufunsa, “Amayi, mwana uja ali kuti?” Ndinakukalipira kuti wamva kwa yani za mwana, inali mimba ya matenda, tenga ndowa ukatunge madzi. Unapita ukulira, ndipo sunafunsenso. Achimwene ako anali okulirapo, anadziwa, koma anauzidwa kuti zimenezi sitinena. Pepa mwana wanga. Unafunsa funso labwino, ndipo ndiwe woyamba amene ndinamunamiza pa nkhaniyi.

Wachiwiri anali mtsikana wa kafukufuku, patapita zaka, Esinta ali kumbuyo. Anali waulemu, wamsinkhu wakowu. Anafunsa monga munalembedwera mu fomu. “Mayi, mwabereka ana angati?” Ndinati atatu. “Alipo amene anamwalira?” Ndinati ayi. Ndipo m'mutu mwanga sindinaname, poti mtayo sitiuwerenga ngati mwana womwalira, maliro ake sanachitike. Mtsikanayo anati, “Mulungu wakukomerani mtima,” n'kulemba. Anakhala kanthawi akukonza mapepala ake. Akanangofunsa kamodzi kena, akanangoti nanga mimba zonse zinali zingati, ndikanamasuka. Anatseka fomu n'kutsanzika. Sindikudziwa chimene analemba m'mabuku awo aakulu za dera lathu lino. Ndikudziwa kuti mlongo wako mulibe.

Ndipo si iye yekha. Nditakhala volontiya ndinaperekeza ofufuza ena kwa a Nachisale, mafunso ake omwewo. Iwo anati abereka ana anayi, onse ali moyo. Ine ndinali pamphasa pomwepo, ine amene ndinanyamula khasu kawiri kukakumba timaenje ta ana awo, poti amene anatayapo ndi amene amaitanidwa. Anandiyang'ana, nane ndinawayang'ana, kenaka tonse tinayang'ana cholembera cha wofunsayo. Tsiku limenelo tinayenda makomo angapo, ndipo m'makomo ambiri ndinkadziwa kamanda kamene sikanatchulidwe. Wofunsayo atakwera galimoto anati, “Kuno zikuoneka kuti zinthu zili bwino.” Ndinavomera ndi mutu. Tsono iwe wandiuza wekha kuti anthu amene amagawa anamwino ndi maambulansi amayang'ana mapepala ngati amenewo. M'mphepete mwa manda safikako. Ife amayi timadandaula kuti chithandizo chili kutali, pomwe ndife amene tinawauza kuti kuno ana safa.

Apa ndiye pagona malangizo anga onse, enawo ukhoza kuiwala. Usangofunsa mayi kuti wabereka ana angati. Umufunse mimba, imodzi imodzi, kuyambira yoyamba, ndipo ukaona kuti pakati pa ana awiri padutsa zaka zambiri, uime pamenepo. Mawu akuti mtayo uwatchule iweyo poyamba, motsitsa, kuti adziwe kuti za kwathu ukuzidziwa ndipo sukudabwa. Mukhale awiri okha. Akayamba kulira utseke fomu, usamutonthoze mofulumira, mwina ndi koyamba kuloledwa. Usamufunse kuti munachedweranji kupita kuchipatala, funso limenelo amadzifunsa yekha tsiku lililonse. Umufunse kuti chinachitika n'chiyani, adzakuuza yekha za mtsinje, za chikuta, za mantha. Amayi akuluakulu a m'mudzi usawadumphe, ukhale nawo pansi, chifukwa mwana akasiya kuyamwa ndi iwo amene amakhala m'chipindamo, iwe ndi aphunzitsi ako muli ku Blantyre. Ndipo aphunzitsiwo akakupatsa fomu imene ilibe malo a ana amenewa, uwauze mwaulemu kuti mayi anga akumudzi akuti fomuyi ikudontha.

M'mawa uno, iwe ukusamba, ndinawauza bambo ako kuti ndikulembera za mwana uja. Pa zaka zonsezi sitinakambepo, ngakhale kamodzi. Ndinkaganiza kuti anaiwala, kapena kuti kwa iwo sanali kanthu poti sanamuone. Anayamba kupukuta masipoko a njinga amene anali oyera kale. Kenaka anati, “Umuuze kuti anali ndi tsitsi lambiri, ngati iyeyo.” Ndinafunsa kuti akudziwa bwanji. Anati tsiku lachiwiri lija, ine nditasinza, anasuzumira pazenera. Anaona kuti mwana sakupuma bwino, koma atafunsa ine n'kuyankha kuti tili bwino, anaganiza kuti za makanda amadziwa ndi amayi. Zaka zonsezi akhala akudziimba mlandu kuti sanakankhe chitseko, ine ndikudziimba wanga, tikugona m'nyumba imodzi osauzana.

Ndiye upite bwino, mwana wanga, ukaphunzire ndi mtima wonse. Nkhaniyi usaisenze ngati mtolo wako, unali mwana ndipo palibe chimene ukanachita. Ndimakukonda, ndipo ndikukunyadira kuposa m'mene ndinaonetsera. Mawa pasiteji ndikayamba kukukalipira za chikwama kapena za tsitsi, udziwe kuti ndikuthawa kulira pagulu.

Ukadzabwera pa Khirisimasi ubwere ndi fomu imodzi yosalembapo. Udzandifunse bwinobwino ngati mlendo, ndipo pa ine pokha ndikulola kuti mwamuna akhale pafupi, poti nawonso ali ndi zoti ayankhe. Koma moyo sitiudziwa, ndiye ndiyankhiretu. Mwamuna. Anabadwira kunyumba, kwa Mavwere, nthawi ya mvula. Anakhala masiku atatu. Pamzere wa dzina usasiye popanda kanthu. Mwambo unakana, koma ine ndinamupatsa dzina tsiku loyamba lomwelo, ndinamunong'oneza m'khutu a Nasoko atatuluka kukataya madzi, ndipo sindinauzepo munthu, ngakhale bambo ako. Chiyambire sindinalilembepo, ndiye undikhululukire ngati dzanja lakhota.

Ulembe kuti Limbani.

Ndine mayi ako.